Poker: ma AA (ma Ace awiri) akungondidyera stack (ndalama zanga za pa tebulo), ndikulakwitsa pati?

Kadzidzi: Abale ndithandizeni mutu wanga waima. Dzulo pa cash game ya poker, tebulo ya anthu 9, tonse tili ndi 100bb (bb ndi big blind, yaikulu mwa mabeti awiri okakamiza oponyedwa makadi asanagawidwe) kapena kuposerako pang'ono. Ndili UTG (mpando wa woyamba kusewera) andigawira AA. Ndiye ndinati ndingolimpa (kungoponya 1bb osakweza) kuti wina areize (akweze beti) kumbuyoko ine ndimubwezere yaikulu, msampha uja mukuudziwa kale. Palibe anareiza. Anayi analimpa nawo, BB (wa pa big blind) anangocheka osawonjezera kanthu, tinaona flop (makadi atatu oyamba a pakati pa tebulo) tili anthu 6. Kunagwa 8-7-2, ndinabeta, wa pa button (mpando wa wosewera komaliza) anareiza, ine ndinakankha zonse, mkuluyo kutembenuza 87 wa mtundu umodzi, two pair (mapeya awiri, oposa peya yanga imodzi). Stack yonse kupita. Mwezi uno ndi kachitatu. Ndi tsoka chabe kapena ndine ndikuseweretsa makadi?

Madala_Cash: Achimwene tsoka lilipo koma chitseko munalitsegulira nokha. AA akakumana ndi munthu mmodzi wa makadi ena aliwonse amawina pafupifupi 85%. Akakhala awiri zimatsika kufika cha m'ma 73%, ndipo anthu 5 ngati anu adzulowa mumatsala ndi theka chabe. Ndiye inu ndi limp yanuyo munaitana mudzi wonse kuti udzaone flop ndi 1bb basi. Wa 87 uja akanalipira 4bb mwina akanalowabe, koma enawo akanathawa.

Koma chomwe chinakuphani kwenikweni ndi kukula kwa poto (ndalama zonse zoponyedwa pakati). Pa flop munali 6bb, kumbuyo muli ndi 99bb. Poto kakang'ono chonchi, stack yaikulu chonchi, munthu akavomera kuika zonse nthawi zambiri amakhala waposa peya imodzi. Yerekezani kuti zinafika pa 3-bet (kureiza pamwamba pa wina amene wareiza kale) aliyense waponya 12bb, poto ili cha m'ma 25bb inu mwatsala ndi 88bb, pamenepo kukankha zonse ndi AA kulibe mlandu chifukwa ma KK (ma King awiri), QQ (ma Queen awiri) ndi top pair (peya ya khadi lalikulu la pa flop) amakulipirani. Ntchito ya preflop (kubeta flop isanagwe) ndi imeneyo, kukulitsa poto mudakali patsogolo.

Kadzidzi: Ndamva madala, koma ndikareiza UTG anthu amangofolda (kutaya makadi) onse ndikutola 1.5bb ya ma blind. AA amabwera kamodzi pa manja 221, kudikira maola onsewo kuti ndidye 1.5bb? Zimandiwawa.

Nachisale: kkkk aise 1.5bb yolowa ndi 100bb yotuluka yowawa ndi iti? Komanso dzifunseni chifukwa chake amafolda. Ngati mumareiza UTG mukakhala ndi AA kapena KK basi, tebulo yonse inakuwerengani kalekale. Reizani mulingo womwewo ndi AK, AQ, TT (ma 10 awiri), 99, asadziwe kuti lero mwanyamula chani. Ndipo limp kenako reraise kuchokera UTG ija ndi msampha wakale kwambiri, wosewera kwa kanthawi akaona zimenezo amatha kutaya ngakhale QQ. Ndiye ukagwira umagwira zochepa, ukapanda kugwira ndi izi zadzulozi.

Ine pa intaneti ndimatsegula 2.5bb kapena 3bb. Pa tebulo yamaso ndi maso pomwe anthu sakonda kufolda ndimapita 4bb kapena 5bb, ndikuwonjezera 1bb pa munthu aliyense walimpa ndisanafikiridwe. Wina akareiza kale, 3-bet yanga imakhala katatu ya zomwe waponya ndikakhala ndi position (ndikusewera pambuyo pake), kanayi ndikakhala pa blind.

Nyerere: Ndilowererepo ndi langa poti nkhani ndi yomweyi. AA ndi wophweka, ine amandisowetsa tulo ndi KK ndi QQ. Ndapanga 3-bet, wina wandibwezera 4-bet (wareizanso pamwamba pa 3-bet yanga), mtima umangoti ndi AA ameneyo. Sabata yatha ndinataya KK, sanandionetse nkomwe makadi, mpaka pano ndikuganizabe.

Madala_Cash: KK pa 100bb musamataye, pokhapokha ndi mkulu uja amene chaka chonse sanapangepo 4-bet popanda AA, ndipo anthu oterowo ndi ochepa kuposa momwe timaganizira tikaopa. Pa tebulo ya anthu 9 mukakhala ndi KK, mwayi woti wina ali ndi AA ndi cha m'ma 4%. Zikatero mwatsala ndi 18%, mwaluza, basi, mawa zidzatembenuka inu muli ndi ma Ace iye ma King.

QQ ndiye pofunika kuwerenga. AA amapangika m'njira 6, KK 6, AK 16. Ngati munthuyo 4-bet yake ndi AA ndi KK zokha, QQ ali pa 18% yomweyo, tayani osayang'ana kumbuyo. Ngati amaikamo AK, QQ amakwera kufika cha m'ma 40%, chifukwa QQ ndi AK amakhala pafupifupi 57 kwa 43 AK akakhala wa mitundu yosiyana. 40% pamodzi ndi zomwe zili kale mu poto nthawi zina zimakwana, zimatengera mwaikamo zingati kale. Ndiye funso silikhala pa makadi anu, likhala loti mkuluyu munamuonapo akupanga 4-bet ndi AK?

Nachisale: Ndipo JJ (ma Jack awiri) musamuike gulu limodzi ndi akuluakuluwa chonde. Ndi JJ flop imabweretsa Q, K kapena A pafupifupi 57% ya nthawi, ndi QQ ndi cha m'ma 41%, ndi KK Ace amagwa 23% basi. JJ ndimareiza, 3-bet ndimapanga kwa anthu otsegula ndi makadi ambiri, koma 4-bet ya munthu wofatsa ikabwera ndimamusiya apite.

Kadzidzi: Chabwino limp ndaisiya. Koma poti ndinali nditalakwitsa kale, atandireiza pa 8-7-2 paja ndikanatani?

Madala_Cash: Kukankha zonse kunali koipa kuposa zonse, chifukwa amene mumamuposa ngati A8 kapena 99 amafolda, amatsala ndi 87, 22, 77, 88, mwina ndi draw (makadi odikira khadi lina kuti akwane) ngati T9. Ndikanangopanga call (kulipira zomwe wabeta osakweza) ndione turn (khadi lachinayi), akabetanso zazikulu ndikutaya. Munali pa poto ya limp ya anthu 6, mmenemo muli makadi amtundu uliwonse.

Kadzidzi: Kutaya AA pa turn, eee. Ndiyesa. Button uja anali atakhala maola awiri osareiza olo kamodzi, ndikukumbukira pano.