Pa attachment ndikungokonza maprinta, ndisinthe malo kapena ndipirire?

Wachaka_Chachitatu:
Moni akuluakulu. Ndili chaka chachitatu, ndikupanga ICT, panopa ndili pa attachment pa ofesi ina kuno ku Lilongwe, dzina sinditchula. Ndatha masabata anayi. Kusukulu taphunzira Java, data structures, ma database mpaka normalization (kusanja ma table kuti data isamabwerezedwe), tinapangako ka system ka laibulale pa group project, koma kuno chibwerereni sindinalembepo ngakhale mzere umodzi wa code. M'mawa ndikangofika amayi a ku accounts akuitana kuti printa yakana, ndikatuluka uko abambo ena aiwala password, kenako kunyamula UPS, batire yosungira magetsi a kompyuta ija, kukwera nayo masitepe, basi tsiku latha. Amene akundiyang'anira ndi munthu wabwino ndithu koma ali okha dipatimenti yonse ndiye mpata wondiphunzitsa alibe. Logbook yanga masamba onse akufanana, a lecturer abwera kudzationa mwezi wamawa ndipo attachment imeneyi ili ndi malikisi ake. Ya minibasi kuchoka ku Area 25 tsiku ndi tsiku akundipatsa ndi mayi anga, allowance kulibe, ndiye zikundiwawa kuti ndalama zawo zikungopita. Ndifune malo ena kapena ndipirire? Chonde amene munadutsamo ndithandizeni.

Wamakebulo:
Mphwanga usachoke. Ine yanga ndinapangira pa kampani ina ku Limbe, mwezi woyamba wonse ndinali pa makwerero kukoka kebulo m'denga, fumbi lokhalokha m'mutu, ndinkadandaula ngati iweyo. Koma tamva izi. Tsiku lina abwana atapita kumaliro makompyuta a chipinda chonse cha sales anasiya kuona netiweki, anthu onse maso pa ine. Ndinalemba ipconfig, lamulo loonetsa adilesi ya kompyuta pa netiweki, ndikupeza adilesi yayamba ndi 169.254, pompo ndinakumbukira zija tinaloweza pokonzekera mayeso zoti kompyuta ikapanda kuyankhidwa ndi DHCP, imene imagawa maadilesi pa netiweki, imadzipatsa yokha adilesi yotero. Ndiye ndinalondola kebulo mpaka ku kabati, kupeza kamutu ka kebulo ka RJ45 kolumikiza switch, bokosi logawa netiweki ya chipindacho, kathyoka kokowera kake, kakungolendewera. Manja akunjenjemera ndinadula, kusenda, kuyala timawaya tija bwinobwino white-orange, orange, white-green, blue, white-blue, green, white-brown, brown, kufinya ndi crimping tool, kulowetsa, timagetsi tobiriwira n'kuyamba kuphethira. Mayi wina anachita kuwomba m'manja. Tsiku limenelo ndi pamene OSI model, ija yogawa ntchito ya netiweki m'magawo asanu ndi awiri, inachoka m'kope n'kulowa m'mutu mwanga, kuti ukamafufuza vuto umayambira pansi pa waya osati kuthamangira ku seva, ndipo mpaka lero ndi ntchito imene ikudyetsa ana anga.

Za logbook, vuto ndi kalembedwe kako. Usamangolemba kuti ndakonza printa. Lemba kuti inkachita chiyani, unayesa chiyani choyamba, chinalephera n'chiyani, gwero lake linali driver kapena print spooler kapena IP inasintha, ndi kosi iti imene yakuthandiza. A lecturer amafuna aone mmene umaganizira.

Mlembi_wa_code:
Ine ndisiyana nawo pang'ono achimwenewa. Ngati mtima wako uli ku networking zimene anenazo ndi zoona, koma iwe ukuoneka kuti ukufuna software, ndiye kupirira kokha sikungakufikitse. Ukamadzafuna ntchito ya developer sadzakufunsa kuti unakonza maprinta angati, adzati tionetse GitHub yako, tsamba la pa intaneti limene anthu amasungapo code yawo. Komabe kusintha malo si yankho, malo ambiri amene amalandira ana a sukulu IT yawo ndi support yomweyi, ndipo palibe angakupatse system ya kampani kuti uziigwiragwira uli ndi masabata anayi.

Ntchito uifune wekha pomwepo. Wanena kuti abwana ako ali okha eti? Ndikukhulupirira kuti alibe polemba mavuto amene anthu amabweretsa, zonse zili m'mutu mwawo ndi pa WhatsApp. Apangire ka helpdesk, ka system kolembamo mavutowo. Ma table atatu akukwana poyambira, anthu, zipangizo, mavuto, normalization ija uionera pamenepo kuti ntchito yake n'chiyani. Munthu azilemba vuto lake, iwe uzitseka ukakonza, pakutha pa mwezi kazitulutsa lipoti kuti printa iti yavuta kangati. Abwana akadzapita nalo lipotilo kwa akuluakulu kukapempha printa yatsopano sadzakuiwala. Chinthu chimodzi ndikupemphe, yamba ndi Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zonse zimene wasintha mu code, tsiku loyamba lomwe, commit pafupipafupi ndi kukankha ku GitHub, mnzanga wina pulojekiti yake ya chaka chomaliza inathera mu hard drive imene inafa magetsi atazima n'kuyaka mwadzidzidzi, kwatsala masabata awiri kuti akaime pamaso pa panel, anachita kulira mnyamata wamkulu. Komanso anthu akamagwiritsa ntchito chinthu chako ndi pamene umaphunzira zenizeni, wina alemba tsiku mu bokosi la dzina, wina adina submit kasanu, zimenezi mu lab simuzikumana nazo.

Amayi_a_data:
Mwanawe, ganizo la helpdesk ndi labwino koma ndikuchenjeze pa chinthu chimodzi chimene ndaona ana a attachment akugwa nacho. Usakopere data ya pa ofesi mu fulashi yako kapena kuikankha ku GitHub poti ukufuna yoyesera system. Mayina a antchito, malipiro, manambala a chitupa cha unzika, zonsezo si zako. Malawi ili ndi Data Protection Act ya 2024, komanso Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 ilipo, ndipo ngakhale pakanapanda malamulo mbiri yako ikaipa pa zimenezi tauni ino ndi yaing'ono, a IT timadziwana tonse. Peka data yako yoyesera, ndipo upemphe chilolezo kwa abwana ako usanaike kalikonse pa netiweki yawo. Ma password a database nawonso asapezeke mu code imene waika poyera.

Ukakhala ndi mpata madzulo taphunzirako DHIS2. Ndi imene Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito posonkhanitsa malipoti ochokera m'zipatala za m'maboma onse, inachokera ku University of Oslo, ndi yaulere, code yake ili poyera, ndipo ili ndi demo pa intaneti yokhala ndi data yoyesera ya Sierra Leone imene ungaseweretse mmene ungafunire. A computer science ku Chanco akhala akugwira nayo ntchito kwa zaka. Mabungwe ambiri a zaumoyo ku Lilongwe konko amafuna munthu woidziwa, makamaka amene amatha SQL, chilankhulo chofunsira ma database, ndi kulankhulitsa ma system awiri kudzera pa API. Ine ndinalowera khomo limenelo. Upitekonso ku mHub, malo okumanirako achinyamata a zaukadaulo ku Lilongwe konko, ukaone anzako zimene akupanga, ndipo zochitika za ICTAM, bungwe la anthu a ICT m'Malawi muno, uzizitsatira.

Mphunzitsi_wina:
Mwachidule, ngati mungaganizebe zosintha musangosowa. Lankhulani kaye ndi coordinator wa attachment ku dipatimenti kwanu, pakhale kalata, chifukwa tikabwera kudzakuonani n'kupeza kulibe, kapena logbook yasainidwa ndi munthu amene sitikumudziwa, masabata amene mwagwira aja akhoza osawerengedwa. Ndipo tikafika musamabise, tiuzeni zoona pamaso pa supavaiza wanu mwaulemu, nthawi zambiri timakambirana nawo n'kukuonjezerani ntchito.

Wachaka_Chachitatu:
Zikomo kwambiri nonse, mwandipepuza mtima. Usiku ndinawerenga mu logbook, pa masabata anayiwa printa imodzi yomweyo ya ku accounts yandiitanitsa ka 11. Lero pa lunch ndawaonetsa abwana, anadabwa okha, ndiye ndinawafotokozera za ka helpdesk kaja ati ndiyambe, andipatsa desktop yakale imene inali mu stores kuti ikhale seva yoyesera, ndaipukuta fumbi ndaikamo kale Ubuntu. Ati Lachisanu masana asamandiitane za maprinta, ikhale nthawi yanga ya code. Amayi a data, za data ndamva, ndipeka yanga. Funso latsala ndi ili achimwene a code, ka helpdesk kaja ndipange ndi Laravel ya PHP kapena Django ya Python? PHP tinangoikhudza semesita imodzi, Python ndimaidziwako bwino koma Django sindinaiyesepo.