Makola a Caribbean mu zu yanga angokhala pululu, ndiikemo nyama zobwereka kapena ndidikire?

Abale anga a pagulu pano, amene mumasewera Planet Zoo, gemu ya pa kompyuta yomanga zu (malo osungira nyama zoti anthu aziona), ndithandizeni nzeru. Kwa miyezi itatu tsopano ndakhala ndikumanga zu ya nyama za ku Central America ndi zilumba za Caribbean zokhazokha. Maganizowa ndinawatenga nditawerenga za Belize Zoo, yomwe Sharon Matola anayambitsa mu 1983, ndipo imasunga nyama za m'dziko lomwelo basi. Mulibe mkango, mulibe njovu. Ndinati nanenso ndiyese choncho.

Mbali ya kumtunda yayenda bwino. Pakhomo penipeni ndinaika Baird's tapir, nyama yonenepa ya kachitamba kakafupi ija, poti ndiyo nyama ya fuko la Belize. Ndinaikumbira dziwe lakuya ndipo imakhalitsa m'madzimo. Jaguar ndi giant anteater ndinazipeza mu South America Pack ya 2020, paketi ya nyama zowonjezera mu gemuyi, pamodzi ndi kachule ka maso ofiira kaja. Khola la jaguar ndinalitcha Cockscomb, dzina la nkhalango ya ku Belize yomwe anaipatula kuti ateteze nyamayi.

Vuto layamba nditawoloka kamlatho kupita ku zilumba. Ndinamanga makola anayi, mitengo ya kanjedza ndinabzala, mchenga ndinathira, koma choikamo chenicheni ndi buluzi mmodzi yekha, Lesser Antillean iguana, amenenso amakhala m'kabokosi ka galasi. Nyama zomwe mtima wanga ukufuna sindikuziona pa mndandanda wanga.

Yoyamba ndi solenodon. Ukaiona umayesa khoswe wamkulu wa mphuno yaitali, koma malovu ake ali ndi poizoni, chinthu chosowa kwambiri pakati pa nyama zoyamwitsa. Mtundu wina uli ku Cuba, wina ku Hispaniola, chilumba cha Haiti ndi Dominican Republic. Yachiwiri ndi ng'ona ya ku Cuba, yomwe kwawo kwenikweni kwatsala ku madambo a Zapata, ndipo ikuchepa chifukwa cha kusakidwa komanso kuberekana ndi American crocodile. Koma yomwe imandigwira mtima ndi Jamaican iguana. Anthu anali ataiwerengera kale m'gulu la nyama zotheratu, mpaka mu 1990 pamene inapezekanso ku mapiri a Hellshire. Chomwe chinaipulula kwambiri ndi nyenga zomwe anabweretsa ku Jamaica mu 1872 kuti zizigwira makoswe m'minda ya nzimbe, koma zinayamba kudya mazira ndi tiana ta abuluziwa. Nkhani imeneyi ndikufuna ilembedwe pa chikwangwani cha khola, mlendo aziiwerenga nyamayo ali kuiona.

Ndiye funso langa ndi ili. Kodi ndiike ng'ona ya mtundu wina n'kulemba pachikwangwani kuti ndi ya ku Cuba, ndi green iguana m'malo mwa ya ku Jamaica? Chikundikayikitsa ndi mwana wa mlongo wanga, ali sitandade 6. Loweruka lililonse amakhala pambali panga, ndipo chilichonse cholembedwa pa zikwangwani amakopera m'kope lake. Sabata yatha anandifunsa kuti, "Amalume, khola ili mwini wake ali kuti?" Sindikufuna aloweze nkhope ya nyama ina pa dzina la inzake. Nanga ma mod, zowonjezera zomwe osewera anzathu amapanga okha n'kuika mu gemu, ndi odalirika? Ndikuopa kuwononga zu yomwe ndaivutikira chonchi.

MAYANKHO

Achimwene, dzina labodza musalembe. Ng'ona ya ku Cuba si yaikulu kwambiri, ili ndi mawanga achikasu ndi akuda, miyendo yake ndi yamphamvu moti imayenda bwino pamtunda. Mukaika ng'ona ya m'nyanja ya mchere ya ku Australia ija mwana adzaiona ngati chimphona, zomwe si zoona. Ikani nyama yomwe muli nayo ndi dzina lake lenileni, kenaka pambali pake chikwangwani china chofotokoza za m'bale wake wa ku Zapata.

Ine ma mod ndimagwiritsa ntchito pa kompyuta. Choyamba koperani fayilo ya zu yanu muisunge pena musanaike chilichonse. Gemu ikalandira update ma mod ena amasiya kugwira mpaka amene anawapanga awakonze, ndipo zu yomwe muli nyama ya mod imatha kukana kutseguka. Ngati mumasewera pa PlayStation kapena Xbox, njira imeneyi iwalani.

Bambo, mwaiwala American flamingo ya mu Americas Animal Pack. Imeneyo ndi ya ku Caribbean ndithu, ku Inagua ku Bahamas ziliko zikwizikwi, ndipo ndi mbalame ya fuko lawo. Khola limodzi ladzadza pamenepo. M'paketi yomweyo muli ocelot ya kumtunda kwanu kuja. Koma kunena zoona, ine ndikadafunsidwa ndikadapempha white-nosed coati ndi spider monkey ndisanafike ku solenodon. Solenodon imayenda usiku, masana ili kudzenje, alendo anu azingoona dothi.

WOFUNSA: Zikomo nonse. Za flamingo sindinaziganize n'komwe, ndigula mwezi ukatha. Pa solenodon pokha ndikukanirani pang'ono mayi, chifukwa aardvark nayonso ndi ya usiku koma m'gemumu ilimo ndipo anthu amaikonda. Tikamangopempha nyama zooneka bwino masana, za pa zilumbazi sizidzalowamo, chonsecho ndi zomwe zili pafupi kutha. Caribbean monk seal, nyama yoyamwitsa ya m'nyanja, anaiona komaliza mu 1952, ndipo mu 2008 analengeza kuti inatheratu. Ndaganiza kuti khola limodzi la m'mbali mwa nyanja ndilisiye lopanda kanthu dala, ndiikepo chikwangwani cha nyama imeneyi. Achimwene a ma mod aja, kodi munaonapo mod ya hutia ya ku Cuba, nyama yonga khoswe wamkulu, kapena blue iguana ya ku Grand Cayman yomwe ikugwira bwino pa update ya panopa? Ndimasewera pa laputopu.