Dokotala wa h-index yaikulu kapena wapafupi, ndipite naye kuti mlongo wanga?

Abale, ndithandizeni nzeru. Ndili ku Ulongwe, kuno ku Angónia. Mlongo wanga wa zaka 26 wakhala akutsegula m'mimba mwa magazi chikololereni chimanga. Poyamba ankati ndi kamwazi, Flagyl wamwa maulendo atatu, osasintha. Pano chitenje chikumuzungulira kawiri, usiku amadzuka kasanu kupita kuchimbudzi, nsima akungotsina mbamu ziwiri n'kusamba m'manja. Dokotala wina mu mzinda wa Tete wati mwina ndi ulcerative colitis kapena Crohn, matenda otupitsa matumbo, ndiye pakufunika colonoscopy, kuunika m'matumbo ndi kachubu kokhala ndi kamera.

Mphwanga wa ku yunivesite ya UniZambeze wandipezera madokotala awiri. Wina ali ku Johannesburg, pa Google Scholar, tsamba la pa intaneti losonyeza zolemba za ofufuza, mapepala ake a kafukufuku wa matendawa ndi mndandanda, h-index, nambala yoyezera kutchuka kwa zolemba za wofufuza, akuti ndi yaikulu zedi. Winayo ndi wapafupi, koma dzina lake mulibemo n'komwe. Ndalama ya kachewere yomwe ndagulitsa ikukwana ulendo umodzi basi. Kodi nambala imeneyi ikutanthauza kuti munthu amachiza bwino?

Mphunzitsi wa ku Moatize: Achimwene, h-index anaiyambitsa Jorge Hirsch mu 2005, ndipo iyeyo ndi wa fizikisi, si dokotala. Ikakhala 20, ndiye kuti munthuyo ali ndi mapepala 20 omwe lililonse anzake alitchula kosachepera ka 20 m'zolemba zawo. Imawerenga ofufuza amene amutchula, odwala amene achira siiwadziwa. Komanso pepala limodzi limatha kukhala ndi mayina 30, wanuyo ali pakati penipeni. Mphwanuyo aone ngati dzinalo limakhala koyamba kapena kumapeto, poti kawirikawiri otsogolera kafukufuku ndiwo amalembedwa pamenepo.

Namwino wa ku Zóbuè: Pepani ndi matenda bambo. Ine nkhawa yanga ndi ina. Kuno kwathu TB ya m'matumbo imafanana kwambiri ndi Crohn, ngakhale pa colonoscopy. Mukampatsa prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa omwe amapatsa odwala Crohn ndi colitis, munthu woti ali ndi TB kapena tizilombo ta amoeba, mwathira mafuta pamoto. Funsani ngati potenga kanyama ka m'matumbo pa colonoscopy adzayezanso TB, ndipo HIV ndi kuchuluka kwa magazi ayezeretu. Musagule nokha mankhwala ku farmácia chonde.

Wina wa ku Tsangano: Koma musanyoze ofufuza. Cortisone yemwe amapulumutsa anthu a colitis anatsimikizika ndi kafukufuku wa Truelove ndi Witts mu 1955. Wolemba kwambiri nthawi zina amakhala waona odwala ovuta ambiri.

Namwino uja: Zoona, koma matendawa satha ndi ulendo umodzi, amagona n'kudzukanso. Mankhwala a colitis monga mesalazine kapena sulfasalazine ndi omwa zaka. Matendawa akadzuka usiku mu February, milatho itasefukira, Johannesburg mudzaifika bwanji?

Mwini funso: Ndamva. Mawa ndikwera chapa kukafunsa za TB ija. Alipo amene anachititsapo colonoscopy ku Beira kapena ku Blantyre andiuze mtengo, ndiponso ngati amafuna kalata yotumizira?