EGR valve yatsopano ndigule kapena ayi?

Wa Hilux: Mabwana ndithandizeni nzeru. Hilux yanga ya injini ya D-4D yayamba kumwa dizilo moopsa, ndikanyamuka pa maloboti utsi wakuda bii mpaka akabaza kumbuyoku akutukwana, mphamvunso yatha. Makaniko akuti EGR valve yafa ndigule ina koma mtengo wake eeh, bola feteleza. Ndigule?

Achimwene a ku Kawale: Musataye ndalama bwana. Dulitsani kachitsulo mutseke njira ya EGR-yo basi, ine ndinatseka kalekale galimoto ikuuluka.

Makaniko wa ku Biwi: Dikirani kaye achimwene. EGR valve imeneyi ntchito yake ndi kubweza utsi wina mu injini kuti moto usatenthe kwambiri, moto ukazizirako mpweya woipa uja wa NOx umachepa. Vuto lake pa dizilo mwaye umachuluka, ndiye ukakumana ndi nthunzi ya oyilo yochokera ku breather (kapaipi kotulutsa nthunzi m'kati mwa injini) zimapanga phala lakuda ngati phula, limamata mu manifold (polowera mpweya mu injini) mpaka njira ya mpweya imatsala ngati chala. Valve ikakanirira chotsegula injini ikupuma utsi nthawi zonse ngakhale mwaponda, mpake kumwa mafuta. Koma zambiri zimene ndimamasula sizinafe, zangoda.

Wa Hilux: Ndiye kutsuka kungathandize?

Makaniko wa ku Biwi: Nthawi zambiri eya. Amasule valve ndi manifold yomwe, osangopopera sipule pamwamba ayi, akokote mwayewo. Ayezenso pa kompyuta aone ngati valve ikuyenda. Ikakana apo ndiye gulani.

Mayi a ku Area 47: Ine ndinatsekesa, mawa lake nyali ya check engine yayaka, galimoto kumangokwawa ngati ngolo pa mtunda. Ndinachotsanso kachitsuloko ndalama zapita kawiri.

Achimwene a ku Kawale: Amayi yanuyo ndi ya kompyuta, yanga ndi yakale siifunsa mafunso kkkk. Ndipo mafuta ndikusevadi.

Makaniko wa ku Biwi: Mukuseva chifukwa yanu inali yokanirira, mukuyerekeza ndi galimoto yodwala. EGR yabwinobwino imagwira kwambiri injini ikamayenda mopepuka, mukaponda mpaka pansi imadzitseka yokha, ndiye kusiyana kwa mafuta si kwakukulu ngati mmene anthu amakambira. Ndipo NOx mukutulutsayo akupuma ndi ana omwewa ali m'mbali mwa msewu.

Mayi a ku Area 47: Komanso mayendedwe athuwa, Area 25 kupita ku Old Town basi, m'mdipiti wa magalimoto, kenako kuima pamzere wa mafuta injini ikulira, mwaye ulekeranji. Muziitulutsako pa M1 ipite ku Dedza itenthe bwino.

Wa Hilux: Chabwino ndiyamba ndi kutsuka. Amakaniko Loweruka mulipo?

Makaniko wa ku Biwi: Ndilipo, mubwere m'mawa injini isanatenthe. Mugulenso ma gasket, akalewo akamasulidwa sabwereranso bwino.