Za kalata ya agogo ku Zomba

Ankolo: Mwadzuka bwanji nonse. Ulendo wa ku Zomba uja, wokafufuza kalata yodandaula ya agogo, tinati pa 14, lero ndi pa 6. Asungichuma tiuzeni, thumba lili pati?

Azakhali: Tinagwirizana K25,000 khomo lililonse, makomo 11. Amaliza ndi 6. Wina watumiza K10,000 akuti yotsalayo mawa, mawa lake la sabata yatha. Ndili ndi K160,000. Maina sinditchula, eni ake akudzidziwa.

Achimwene ku Joni: Ine ndinanena kalekale. Akenya analandira chipukuta misozi kwa Angerezi. Ife tikudikira chani? Tilembe ku London basi.

Aphunzitsi: Achimwene, za ku Kenya n'zina. Aja anali anthu 5,228 amoyo, amene anazunzidwa nthawi ya Mau Mau. Mlandu unalowa kukhoti ku London, mu 2013 boma la Britain linavomera kupereka £19.9 miliyoni. Sunali mlandu wa malo. Ife tili ndi mawu a anganga okha, oti agogo anadinda chala pa kalata yodandaula atawachotsa pa esiteti. Tione kaye pepalalo.

Achemwali ku Zomba: Ndiye ku National Archives ndikafunse chani? Makalata a ku nyumba ya malamulo?

Aphunzitsi: Mukayambira kumeneko mubwerako chimanjamanja. Legislative Council inakhazikitsidwa mu 1907, koma munthu wakuda anakhalamo koyamba mu 1949. Zaka zonsezo wotiyankhulira anali mmishoni wosankhidwa ndi bwanamkubwa, ngati Hetherwick wa ku Blantyre Mission. Munthu wa m'mudzi sankalembera khonsolo mwachindunji. Kalata inkafika kwa DC, DC n'kulembapo maganizo ake, ipite kwa Provincial Commissioner, kenako kwa Chief Secretary ku Zomba. Ngakhale yopita kwa nduna ku London inkadzera m'manja mwa bwanamkubwa. Zambiri zinkathera pa tebulo la DC pomwepo. Yambani ndi mafayilo a DC wa kwathu, kenako a Southern Province, pomaliza a Secretariat, ofesi ya Chief Secretary uja, omwe nambala zake zimayamba ndi S1.

Aphunzitsi: Ndipo musakafune Thyolo, simuipeza. M'mabuku awo ndi Cholo. Mulanje ndi Mlanje.

Achimwene ku Joni: Zonsezo n'kuchedwa. Akenya analandira.

Alamu: Pepani kudula mawu. Mbuzi ziwiri za chinkhoswe cha mwana uja ndapeza pa Bvumbwe, akufuna ndalama ya chikole lero. Tingabwerekeko m'thumbamo?

Azakhali: Alamu, thumba ili si la chinkhoswe. Tinaona pa chiliza muja mmene kubwerekana kumathera.

Alamu: Ndangofunsa.

Mai aang'ono: Koma mbuzi za pa Bvumbwe zadula chaka chino eti. Kagulani ku mudzi.

Ankolo: Za mbuzi zili ndi gulu lake. Aphunzitsi, chaka chake ndi chiti? Mwanayu sangakavundukule mafayilo a zaka 60.

Aphunzitsi: Lamulo la 1928, Natives on Private Estates Ordinance, ndi limene likutilondolera. Linkalola munthu kulipira lendi ndi ndalama, ndi mbewu, kapena ndi thangata. Koma linapatsanso mwini esiteti mphamvu yochotsa mabanja 10 pa 100 alionse pakatha zaka zisanu, popanda kupereka chifukwa. Ndiye zaka zothamangitsa zinali 1933, 1938, 1943. Anganga ankati anyamata anali ku nkhondo ndipo njala ya 1949 inawapeza atasamuka kale. Ine ndikuti 1943. Itanitsani kuyambira 1942 mpaka 1946, chifukwa kalata ikhoza kusungidwa pa chaka chimene anayankha.

Achemwali ku Zomba: Dzina la agogo ndikalembe bwanji? Pa khadi la ku tchalitchi ndi lina, pa chiliza ndi lina.

Aphunzitsi: Musadalire dzina lawo. Kalata zotere ankalemba ndi kalaliki kapena mphunzitsi, anthu n'kudinda chala kapena kuika X, ndipo maina ankawalemba mmene khutu lamvera. Funani dzina la nyakwawa ndi la esiteti. Alomwe m'mafayilomo anatilemba kuti Anguru, musadabwe. Mukaipeza onani zinayi: deti, chidindo cha ofesi imene inalandira, zimene anapempha, ndi yankho. Yankho nthawi zambiri lili pa timapepala ta kutsogolo kwa fayilo pamene mabwana ankalemberana, osati kuseri kwa kalata. Jambulani ndi chikuto chomwe, nambala ya fayilo ioneke. Chithunzi chopanda nambala loya sangachigwiritse ntchito.

Bambo aang'ono: Pali china chimene mukuchizemba. Ma Certificate of Claim, mapepala a umwini wa malo amene Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda kuno, anapereka kwa azungu cha m'ma 1892 anali ndi chiganizo choti midzi imene inalipo kale isasokonezedwe. Amene anabwera pambuyo kuchokera ku Mozambique chiganizocho sichinkawateteza. Ngati mudzi wathu unamangidwa satifiketi itatuluka kale, dandaulo la agogo linali la nyumba, mbewu za m'munda ndi malo ena okhala. Osati umwini wa nthaka. Tidziwiretu tisanalonjeze ana maekala.

Aphunzitsi: Zoona. Ndipo umboni wa zaka zimenezo ndi wovuta ku Zomba, chifukwa moto wa 1919 unatentha mafayilo a Secretariat. Zimene zinatumizidwa ku London zili ku Kew, ku National Archives ya Britain, m'gulu la CO 525. Wathu wa ku Leeds akanatithandiza pamenepo.

Azakhali: Wa ku Leeds akuwerenga, timizere tabuluu tikuoneka. Kuyankha ndiye ayi. Pa Mpamba paja palibenso.

Achimwene ku Joni: Ndiye n'chifukwa ndikuti London. Akenya sanapite ku Zomba.

Bambo aang'ono: Achimwene, K25,000 yanu inapita ku London komweko?

Achimwene ku Joni: Kutha kwa mwezi. Azakhali akudziwa.

Azakhali: Sindikudziwa.

Achemwali ku Zomba: Nanga ikakhala kuti kalata sinapezeke?

Aphunzitsi: Itanitsani za komishoni ya Sidney Abrahams ya 1946. Anamva madandaulo a anthu a m'maesiteti n'kulangiza boma kugula malo osagwiritsidwa ntchito kuti likhazikepo anthu. Onaninso za chipolowe cha 1953 chimene chinayambira ku Cholo n'kufalikira ku maboma ena, pamene anthu 11 anafa. Mndandanda wa midzi yosamutsidwa ukhoza kukhala mmenemo. Thangata linathetsedwa mu 1962, kupyola apo musataye nthawi. Tengani chitupa cha unzika, pensulo ndi kope, ndipo mufunse mtengo wojambula musanayambe. Tsiku limodzi silikwana, werengerani atatu.

Ankolo: Masiku atatu, anthu awiri, thiransipoti, chakudya ndi kujambula. K160,000 ikwana?

Azakhali: Ikwana ulendo wokha. Ya loya woti akatiwerengere mapepalawo palibe.

Mai aang'ono: Ine yanga ndipereka ndikagulitsa nandolo.

Azakhali: Nandolo ndi wa Ogasiti, mayi. Ulendo ndi wa pa 14.

Ankolo: Otsala asanu, pofika Lachitatu madzulo. Lachinayi m'mawa asungichuma alembe maina pano.

Alamu atuluka m'gulu.

Azakhali: Atsala anayi ndi theka. Uyo ndimuimbira.