Ndithandizeni: nyumba za lendi ndi lamulo la anthu olumala

Abale ndi alongo, ndimagwira ntchito yopezera anthu nyumba ndi mashopu a lendi kuno ku Ulóngue, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo ndikufuna uphungu wa amene mumadziwa malamulo.

Pali mayi wina woyenda pa njinga ya olumala amene akufuna chipinda choti atsegulemo telala pafupi ndi msika. Chipinda tachipeza, koma pakhomo pali masitepe, chitseko ndi chopapatiza, ndipo chimbudzi chili kuseri, njira yake ya miyala yokhayokha. Eni nyumba akuti rampa (kanjira kotsetsereka kokwererapo njinga ya olumala) amange yekha mayiyo, ndipo akadzatuluka adzaigumule. Ine zimenezi sizikundikhalira bwino, chifukwa makasitomala okalamba nawonso adzadutsa pomwepo.

Ndikudziwa kuti Decreto 53/2008 imanena za kamangidwe koti olumala azilowa mosavuta m'malo othandizira anthu, kuti Mozambique idavomereza pangano la United Nations la ufulu wa olumala mu 2012, ndiponso kuti mu 2024 padatuluka Lei 10/2024 yoteteza ufulu wawo. Funso langa ndi lakuti: kodi shopu ya munthu wamba, yomangidwa kalekale, ikukhudzidwa? Ndalama za rampa ndi zokulitsira chitseko atulutse ndani, mwini nyumba kapena wochita lendi? Nanga tisanagumule khoma tiyenera kutenga chilolezo ku Conselho Municipal (khonsolo ya tauni)?

Chinanso, mwini nyumba akakana munthu chifukwa cha ulumali basi, dandaulo limapita kuti? Ngati alipo wa FAMOD (mgwirizano wa mabungwe a anthu olumala) kuno ku Tete, chonde atiunikire tisanasayine kontrato.