Ma camlock a inox akudontha pa mphika wa mowa, ndigule ati?

Wamowa_Ulongwe
Akuluakulu ndithandizeni msanga, mutu waima. Pa mphika wanga wa malita 50 uja ndinaika ma camlock (zolumikizira mapayipi za timakutu tiwiri) a inox, chitsulo chosachita dzimbiri, a 1/2 inchi, F (yaimuna ya mazinga) pa valavu, C (yaikazi) ku mapayipi a silicone, pampu ndi ya magnetic. Ndaphikira katatu kokha. Dzulo ndili pa mash (kuviika chimera m'madzi otentha), madigiri 66, pampu yangoyamba kulira osakoka kanthu, ikumeza mpweya, kenako pa valavu payamba kudontha mpaka simenti yonse kumata. Thepi ndakulunga, ndamasula, ndakulunganso, ndamanga ndi sipanala mpaka dzanja kuwawa koma kudontha kuli pompo. Lero potsuka ndapeza timadontho ta dzimbiri mkati mwa ma C awiri, ndipo kalabala kakuda ka gasiketi ka mkati mwa C kaja kauma gwa, kang'aluka mbali imodzi. Wogulitsa analumbira kuti ndi inox yeniyeni, ndinayesa ndi maginito sinagwire. Chimera cha balere chochokera kutali chija chathera pansi, zikundiwawa. Pali dalaivala akupita ku Johannesburg Lachisanu, ndimutume chani? Inox ya mtundu wa 304 kapena 316? Kapena camlock ndingoisiya?

Pulambala_Moatize
Achimwene tisanafike pa 304, valavuyo munagula kuti ndipo F munagula kuti? Ndikukaikira mazinga. BSP ndi NPT, mitundu iwiri ya mazinga, pa 1/2 onse ali ndi mazinga 14 pa inchi, ndiye zimalowana bwinobwino kawiri katatu kenako n'kulimba, inu n'kumati zagwira. Koma kapendekedwe ka mazinga n'kosiyana, BSP ndi madigiri 55, NPT ndi 60. Madzi ozizira mwina thepi ibisa, zikatentha zimadontha basi. Za ku South Africa ndi za m'maloja a mapayipi kuno zambiri ndi BSP, za mowa za pa intaneti zambiri ndi NPT chifukwa amapangira msika wa ku America. Musapitirize kumanga, inox pa inox ikalumana simudzamasulanso, mudzachita kudula ndi galainda.

Wowotcherera_Matundo
Tri-clamp basi, cholumikizira chopanda mazinga chomanga ndi kalampu. Bweretsani mphika ku oficina tiwotcherere ferrule (kamlomo ka tri-clamp) ya 1.5 inchi ndi TIG (kuwotcherera kwa mpweya wa argon), nkhani ya mazinga ithere pomwepo. Mazinga ndi nyumba ya litsiro.

Wamowa_Ulongwe
Valavu ndinagula ku Lilongwe nditadutsa pa Calomue, ma camlock ndi a pa intaneti anandibweretsera mlamu wanga. Pa kathumba sipanalembedwe kanthu. Ndiye kuti ndi zimenezo eti? Tri-clamp ndilibe ndalama yake pano bwana, komanso kunyamula mphika kuchoka ku Angónia mpaka ku Tete si masewera.

Madala_Furancungo
Mwana wanga maginito asakunamize. Inox ya 201 nayonso siigwira maginito, koma nickel anachepetsa n'kuikamo manganese, ndiye imachita dzimbiri msanga ikakumana ndi zowawasa ndi mchere. Pomwe 304 yeniyeni ikapindidwa kapena kusulidwa imatha kukoka maginito pang'ono, anthu n'kuitaya poganiza kuti ndi yabodza. 304 ndi chromium 18%, nickel 8%. 316 anawonjezera molybdenum, ndiyo imapirira mchere. Kwanu ku Ulongwe ngati madzi sali amchere 304 ikukwana, yang'ana yodindidwa nambala pa thupi pake osati pa pepala. Koma ndikufunse, umatsukira chani? Ine chaka china ndinaviika zitsulo zanga zonse mu javel (mankhwala oyeretsera a chlorine) usiku wonse, ndinkati zife tizilombo. M'mawa ndinapeza timabowo ngati tobaya ndi singano mkati mwa valavu, mowa wotsatira unasasa, winanso unasasa, mpaka ndinataya valavu ndi zonse. Javel amadya inox, ngakhale 316 ukaisiya nthawi yaitali. Komanso waya wotsukira mapoto uja usayerekeze, amasiya tizitsulo take n'kumachita dzimbiri pamwamba, iwe n'kumanena wogulitsa.

Wamowa_Ulongwe
Javel ndimaikadi madala, kachivindikiro kamodzi mu ndowa, koma sindigoneka.

Madala_Furancungo
Siya. Ngakhale kachivindikiro.

Wowotcherera_Matundo
Mukuona? Lero mazinga, mawa javel kuti mutsuke mazingawo. Tri-clamp mumamasula, gasiketi m'manja, mukuona ndi maso kuti mwayera. Ku mafakitale a mkaka ndi a mowa amaika zimenezi, sanapenge ayi.

MaiChimera_Tsangano
Ine langa ndi chenjezo chabe achimwene, camlock ilibe chotsekera mkati. Mukakweza timakutu tija chilichonse chili mu payipi chimatuluka. Ine ndinkasamutsa payipi kuchoka pa mphika kupita pa chiller (choziziritsira madzi a chimera), mwana akulira kuseri, valavu ndinaiwala kutseka. Madzi a chimera owira anandithira pa phazi, ndinali nditavala patapata, ndipo amamata ngati phala, sachoka msanga ngati madzi wamba. Milungu itatu ndikuyenda ndi ndodo, chipsera chilipo mpaka lero. Tsopano ndimathimitsa pampu, kutseka valavu, kuika kabeseni pansi, kenako kugwira ndi magolovesi chifukwa chitsulocho chimatentha ngati mbaula. Kuno kumapiri madzi amawira asanafike 100 koma khungu silidziwa zimenezo. Ma jombo valani.

Za kalabala kakuda, kameneko ndi Buna, kamabwera ndi camlock chifukwa ambiri amagwiritsa pa mafuta ndi madzi ozizira. Pa zowira kamauma msanga. Mutumeni dalaivala magasiketi a silicone, agule ambiri, amasowa kuposa camlock yeniyeniyo. Pampu yanu ikumeza mpweya pomwepo pang'alukapo, ndipo za magnetic sizidzikokera zokha, ikhale pansi pa mphika idzaze kaye.

Makaniko_Zobue
Bwanji osangoika ma quick a kompresa, zolumikizira mapayipi a mpweya zija? Ali mbwee, otchipa, dzanja limodzi tyaa walumikiza.

Pulambala_Moatize
Ayi ayi musayese. Amenewo ndi brass kapena chitsulo chopaka, brass ina imakhala ndi lead, ndipo madzi a chimera ndi owawasa pang'ono, pH 5.2 chakuti, mowa ukapsa umatsika kufika cha m'ma 4. Kabowo kakenso n'kakang'ono, kali ndi sipuling'i mkati, makoko a chimera amatsekamo. Ndinaona kwa kasitomala wina, titatsegula munali zobiriwira zonunkha, ndipo anthu ankamwa. Ma camlock a aluminium a pa mapampu othirira m'dimba nawonso ayi, soda wotsukira akawakhudza amada n'kudyeka.

Wowotcherera_Matundo
Zonsezi mukunena tri-clamp ilibe. Sipuling'i mulibe, mazinga mulibe. Mugula camlock kawiri katatu, ndalama yake ikwana ferrule.

Madala_Furancungo
Bwana wa TIG, inu mwina mumatha, koma ine wina anandiwotcherera soketi osaika argon mkati, kuseri kunatuluka zakuda zokakala ngati shuga wopserera, pamenepo ndi pomwe dzimbiri linayambira ndipo mphika sunachirenso. Mnyamatayu ali kumbali yotentha, zonse zimawira ola lathunthu, mazinga si oopsa kwambiri kumeneko. Kumbali yozizira, pa fermenter (chigubu chomwe mumaikamo yisiti), pamenepo ndikuvomerezani.

Wowotcherera_Matundo
Ameneyo sanali mmisiri madala. Ine argon ndimadzaza mkati nthawi zonse. Ndipo valavu ya mazinga ngakhale kotentha tsegulani muone zomwe zimabisala kuseri kwa kampira. Tri-clamp.

Pulambala_Moatize
Achimwene a ku Ulongwe, chotsani valavuyo muipereke kwa dalaivala m'manja, akayese F pa kauntala pomwepo, ilowe ndi dzanja mosakakamiza. Musamutume ndi mawu okha, akakubweretserani B (yaikazi ya mazinga) m'malo mwa F. Amuna onse akhale pa miphika ndi pa pampu, akazi ku mapayipi, kuti payipi iliyonse ilowe paliponse. Ayang'anenso kabowo ka C, ena ndi opapatiza mkati, pampu imavutika kukoka. Ma abrasadera (zomangira payipi) akhalenso a inox, silicone ikatentha imafewa n'kuvuka.

Makaniko_Zobue
Akamadutsa pano andiimbire, ndikufuna yisiti. Koma inu a ku Tete mukuwiritsa bwanji ndi kutenthaku? Okutobala akubwera, madigiri 40, yisiti ya ale imafuna cha m'ma 18 mpaka 20.

Pulambala_Moatize
Firiji yakale ndi thermostat, koma magetsi akathima masana onse ntchito yagwa. Mwezi watha chigubu chonse chinanunkha ngati thinner. A ku Angónia ali ndi mwayi, Juni amangoika pakona ya nyumba.

MaiChimera_Tsangano
Kuno Juni yisiti imachita kugona, ndimafunditsa chigubu bulangete. Alipo anayesapo kusakaniza chimera cha mapira ndi cha balere pa mash imodzi? Changa chikutseka sefa, pampu ikungouma.

Wowotcherera_Matundo
Sefayo ndi ya mabowo angati mayi, ndipo munalumikiza ndi chani pansi pa mphika?